Hydrometer yakutopetsani? Tiyerekeze njira zoyezera shuga mu mowa wofulula kunyumba

Pa zida zonse za munthu wofulula mowa kunyumba, palibe chimene chimadandaulitsa ngati hydrometer, kagalasi kakatali kopyapyala kaja, kolemera kumunsi, kokhala ndi kapepala ka manambala m'kati. Madandaulo ake ndi amodzimodzi kulikonse. Sichedwa kusweka. Imadya mowa wambiri pa kuyeza kumodzi kokha. Thovu limabisa manambala, ndipo mukaiika m'madzi imazungulira n'kukupatsani nkhongo, manambala ali kuseri. Ena anatopa nayo mpaka analeka kuyeza. Ena anagula zida zodula n'kukapeza kuti nazonso zili ndi matenda akeake.

Ine ndimaona kuti chimatikhumudwitsa kwenikweni si galasilo ayi, koma kuti timalituma ntchito zitatu zosiyana pomwe iliyonse ili ndi chida chimene chimaiyenera. Tsiku lophika timafuna kudziwa msanga, madzi akadali otentha, ngati chimera chatulutsa shuga wokwanira. Masiku owira timafuna kudziwa ngati yisiti ikugwira ntchito. Pamapeto timafuna kutsimikiza kuti mowa watha kuwira, tingathire m'mabotolo popanda ngozi. Hydrometer ndi katswiri pa funso lachitatu, imayesetsa pa lachiwiri, ndipo pa loyamba imachedwetsa ntchito.

Chimene tikuyeza n'chiyani

Madzi okhaokha amawerengedwa 1.000. Mukasungunulamo shuga amalemera, choncho madzi a chimera a mowa wamba amayambira pakati pa 1.040 ndi 1.060. Yisiti ikamadya shugayo n'kumatulutsa alcohol ndi mpweya wa carbon dioxide, nambala imatsika, chifukwa shuga akuchepa komanso alcohol ndi wopepuka kuposa madzi. Mowa wambiri umakathera pakati pa 1.008 ndi 1.015. Nambala imeneyi ofulula amaitcha gravity, ndipo akamacheza amangotchula kumapeto kwake: 1.050 amati mapointi 50. Mukachotsera nambala yomaliza pa yoyamba n'kuchulukitsa ndi 131.25, mupeza ukali wa mowa. Woyambira pa 1.050 n'kuthera pa 1.010 ndiye kuti uli ndi alcohol pafupifupi 5.25 peresenti.

Kuyeza kotereku kunasintha ntchito yofulula kalekale. Mu 1784, John Richardson wa ku England anafalitsa njira yoyezera madzi a chimera ndi chida chotere. Ofulula a ku London atayamba kuyeza anadzionera okha kuti chimera chofiirira, chimene ankachikonda chifukwa chotchipa, chinkatulutsa shuga wochepa kuposa chimera choyera, moti kutchipa kwake kunali kwa pamaso chabe. Maphikidwe a mowa wa porter anasintha kuchokera pamenepo. Ndatchula zimenezi kuti tisakaderere kagalasika tisanakamve bwino.

Hydrometer yeniyeniyo

Imagwira ntchito mosavuta: m'madzi olemera imayandama kwambiri, m'madzi opepuka imamira kwambiri. Ilibe batire, ilibe waya, ndipo chimene imayeza ndi kulemera kwenikweni kwa madziwo, osati chinthu china chongoyerekezera. Apa ndiye pagona mphamvu yake, ndipo muona kutsogoloku kuti zida zina zambiri zimabwerera kwa iyo kukatsimikiza.

Koma tiyeni tione mmene munthu amawerengera, chifukwa zolakwika zambiri zimachitikira pamenepa. Mwatunga mowa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri, mwathira m'chubu choyezera, pamwamba pabwera thovu lokhuthala ngati chala. Mwaika hydrometer. Pasanathe masekondi angapo timathovu ting'onoting'ono tayamba kumatirira pagalasi, makamaka kumunsi kotukuka kuja, ndipo chidacho chayamba kukwera pang'onopang'ono maso anu akuona. Timathovuto tikuchinyamula. Nambala imene muwerenge ikhala yokwera ndi mapointi angapo kuposa yeniyeni, ndipo mukhoza kuganiza kuti mowa sunathe pomwe unatha. Mankhwala ake ndi kuchotsa mpweya musanayeze: tsanulirani mowawo m'kapu ina, n'kubwezera, kangapo ndithu mpaka thovu litasiya kubwera, kapena upukuseni ndi supuni. Kenako dzazani chubu mpaka pakamwa kuti hydrometer ikamalowa thovu lotsala lisefukire panja. Ipotokoleni ndi zala ziwiri kuti izungulire, timathovu tithothoke, ndipo onetsetsani kuti siyatsamire khoma la chubu. Ikatembenuzira manambala kuseri, zungulitsani chubucho, osati kugwiranso galasi.

Diso likhale pa mulingo umodzi ndi madzi. Mudzaona kuti madzi amakwera pang'ono m'mbali mwa ndodo ya galasi. Ma hydrometer ambiri amafuna muwerenge pansi, pamene madzi ali lathyathyathya, osati pansonga pa kakwerako. Alipo ena opangidwa kuti muziwerenga pamwamba, ndiye onani pepala lobwera nacho chidacho. Kusiyana kwake ndi pointi imodzi kapena ziwiri, zomwe si zambiri, koma mukamawerenga pansi lero, mawa pamwamba, mudzaona ngati mowa ukusintha pomwe waima.

Nkhani ya kutentha ndiyo imasokoneza anthu ambiri. Hydrometer iliyonse inakonzedwa kuti izinena zoona pa kutentha kumodzi, ndipo nambalayo inalembedwa timalemba ting'onoting'ono pa kapepala ka m'kati. Zakale zambiri ndi za 60°F, omwe ndi madigiri 15.6 a Celsius, pomwe zatsopano zambiri ndi za madigiri 20. Madzi akatentha amapepuka, chidacho chimamira kwambiri, nambala imatsika. Pa hydrometer ya madigiri 20, madzi a madigiri 30 amakubisirani mapointi awiri kapena atatu, a madigiri 40 pafupifupi 6, a madigiri 60 pafupifupi 15. Matebulo okonzera zimenezi alipo, koma madzi akatentha kwambiri nawonso sadalirika, popeza madziwo akuzizira pamene mukuwerenga ndipo kutentha kwa pamwamba pa chubu sikufanana ndi kwa pansi. Galasi lingathe kung'aluka, chubu cha pulasitiki chingathe kupindika. Ndiye muyenera kuziziritsa kaye, ndipo apa m'pamene tsiku lophika limatalikira: mphika ukudikira, inu muli kalikiliki kuviika kapu ya madzi a chimera m'beseni la madzi ozizira. Kapu yachitsulo yopyapyala imazizira msanga kuposa chubu chenichenicho. Ivindikireni, chifukwa nthunzi ikamathawa shuga amachuluka m'madzi otsalawo.

Dandaulo la kutha kwa mowa ndi lomveka, makamaka kwa ofulula pang'ono. Kuyeza kumodzi kumafuna mamililita pakati pa 100 ndi 250, malinga ndi kukula kwa chubu. Pa malita 20 simungamve kuwawa. Pa malita 5, mukayeza kanayi ndi chubu cha mamililita 200, mwataya pafupifupi lita yathunthu. Chubu chowonda chimachepetsa vutoli. Madzi amene mwatunga musanabwatitse mungawabwezere mumphika, moto upha chilichonse. Koma mowa umene wayamba kale kuwira musaubwezere m'chidebe, chifukwa mungalowetse tizilombo ndi mpweya wa oxygen umene umasukulutsa mowa. Imwani. Si kutaya kumeneko: lilime limamva zimene chida sichingamve. Kafungo ka batala, kochokera ku diacetyl, kapena ka apulo wosapsa, kochokera ku acetaldehyde, kakukuuzani kuti yisiti ikufunika masiku ena ngakhale nambala yaima.

Pali cholakwika china chimene anthu amanamizira hydrometer pomwe ilibe mlandu. Ofulula ndi chimera chokamula kale, cha ufa kapena chamadzi okhuthala, amaphika madzi ochepa n'kudzawonjezera madzi ozizira m'chidebe. Madzi a shuga olemerawo amakhala pansi, opepuka pamwamba, ndipo kusakaniza kwenikweni n'kovuta kuposa mmene zimaonekera. Mukatunga pamwamba mupeza 1.035, mukatunga pa mpopi wa pansi mupeza 1.070, chonsecho mumayembekeza 1.050. Ngati muyezo wa chimera ndi wa madzi unali wolondola, khulupirirani masamu a pa pepala. Shuga sangasowe m'chidebe chotseka.

Za kusweka palibe chonena chambiri. Imasweka ikagubuduka patebulo, ikaponyedwa m'chubu chopanda madzi n'kugunda pansi, kapena pochapa. Ikani m'chikwama chake mukangomaliza, ndipo khalani ndi ziwiri poti n'zotchipa. Ziliponso za pulasitiki yolimba zimene sizisweka wamba, ndipo kwa munthu amene waswa zingapo n'zoyenera kugula, bola aziziyesa kawirikawiri ngati zikunenabe zoona.

Chimene ofulula ambiri sadziwa n'chakuti hydrometer yobwera ndi zida za oyamba kumene si yokhayo padziko. Imeneyo imayeza kuyambira cha m'ma 0.990 mpaka kupitirira 1.150 pa ndodo imodzi yaifupi, choncho timizere take tinapanikizana ndipo kamzere kamodzi nthawi zambiri kamaimira mapointi awiri. Ilipo ina yoyezera kumapeto kokha, yoyambira cha m'ma 0.990 kulekeza 1.020. Timizere take ndi totalikirana, moti 1.011 ndi 1.012 mumazisiyanitsa osatsinzinira diso. Pa zonse zimene nditchule m'nkhani ino, ichi ndiye chida chimene chimachotsa mkwiyo wambiri pa ndalama zochepa. Chovuta chake n'chakuti ndodo yake ndi yowonda kwambiri, ndiye imafuna manja odekha.

Refractometer: mfumu ya tsiku lophika

Iyi imaoneka ngati kachubu kosuzumiramo, kutsogolo kuli galasi lopendekeka ndi kachivindikiro. Mumadonthezapo madontho awiri kapena atatu, kutseka, n'kuloza kowala. M'katimo muona mbali ya buluu ndi mbali yoyera, ndipo pamene zakumana m'pamene pali nambala. Imayeza mmene kuwala kumapindikira podutsa m'madzi a shuga. Muyezo wake ndi Brix: digiri imodzi ndi galamu imodzi ya shuga mu magalamu 100 a madzi osakaniza kale. Pa mowa wamba, kuchulukitsa ndi 4 kumakupatsani mapointi, moti 12 Brix ndi pafupifupi 1.048. Shuga akachuluka kwambiri lamuloli limaperewera, chifukwa 20 Brix ndi 1.083, osati 1.080.

Pa tsiku lophika palibe chingaipose. Madontho atatu amazizira okha pa galasi m'kanthawi kochepa. Mungayeze pamene chimera chili m'madzi ofunda kuti muone ngati shuga akutulukabe, mungayeze madzi omaliza otsukuluzira chimera kuti mudziwe polekera, mungayezenso mphika ukubwata kuti musankhe kuwonjezera madzi kapena kupitiriza moto. Zonsezi ndi hydrometer zikanakutengerani nthawi yoziziritsa ulendo uliwonse, ndipo yankho likanabwera mwayi wokonza utadutsa.

Ili ndi misampha yake. Dontho lotentha likakhala poyera limauma msanga ndipo nambala imakwera, choncho tungani ndi kachubu kodonthezera, dikirani pang'ono madziwo akadali m'kati, kenako donthezani n'kutseka msanga. Zilembo za ATC zolembedwa pa zambiri zimatanthauza kuti chidacho chimadzikonza chokha malinga ndi kutentha kwa malo amene chili, osati kuti chingalandire madzi obwata n'kuyankha pompo. Komanso chinakonzedwera shuga wa nzimbe, pomwe shuga wa chimera kwambiri ndi maltose wosakanikirana ndi zinthu zina. N'chifukwa chake ofulula amagawa nambala imene aona ndi 1.04 kapena pafupi pamenepo. Nambala yokonzerayi imasiyana pang'ono chida ndi chida, ndipo njira yopezera yanu ndi kuyeza madzi a chimera omwewo ndi refractometer komanso hydrometer pa maphikidwe angapo. Zambiri zotchipa zimakhala ndi manambala a gravity pambali pa a Brix. Musawadalire kwambiri, makamaka pa mowa waukali. Werengani Brix n'kusintha nokha. Pogula onetsetsani kuti ndi ya 0 mpaka 32 Brix, chifukwa ziliponso zoyezera uchi ndi zoyezera madzi amchere, zooneka chimodzimodzi kunja koma zopanda ntchito kwa inu.

Msampha waukulu kuposa yonse ndi alcohol. Nayenso amapinda kuwala, ndipo refractometer siingasiyanitse alcohol ndi shuga. Tinene kuti munayamba pa 12.5 Brix. Patapita masabata awiri mwadontheza, mwaona 6.5. Mukasintha mwachindunji mupeza 1.026, mtima n'kugunda kuti mowa waima panjira. Anthu ambiri pamenepa amagwedeza chidebe, kuwonjezera yisiti, kusamutsira pofunda, pomwe hydrometer ikanawauza kuti mowawo uli cha pa 1.012, unatha kale bwinobwino. Zimandimvetsa chisoni chifukwa mowa wabwino umaonongeka m'manja mwa munthu amene akuyesa kuupulumutsa. Masamu okonzera vutoli alipo, ndipo odziwika kwambiri pakati pa ofulula kunyumba ndi a Sean Terrill ndi a Petr Novotný, omwe amapezeka m'mapulogalamu ambiri ofululira. Amafuna manambala awiri, Brix woyamba ndi Brix wa lero. Ngati simunalembe woyamba, palibe chimene angakuthandizeni. Ndipo ngakhale mutalemba, yankho lingathe kuphonya ndi mapointi angapo. Mowa wakuda kapena wodzaza yisiti umapangitsanso kuti mzere wa m'kati uja usaoneke bwino. Refractometer ya batire, yoonetsa nambala pa kagalasi, imathetsa vuto la diso lokha, la alcohol limatsala.

Komabe pali ntchito imodzi imene imaigwira bwino ngakhale mowa uli m'kati mowira: kuona ngati nambala ikusuntha. Ngati yaonetsa 6.5 lero, 6.5 mawa, 6.5 mkuja, ndiye kuti yisiti yaima, kaya nambala yeniyeni ndi chiyani. Mwataya madontho ochepa chabe. Kwa wofulula malita 5 zimenezi n'zamtengo wapatali.

Zoyandama m'chidebe

Izi ndi zatsopano. Mumaziponya m'chidebe tsiku loyamba, mutazitsuka ndi mankhwala ophera tizilombo, n'kutseka. Chidacho chimayandama chopendekeka, ndipo madzi akamapepuka kupendekekako kumasintha. Kachipangizo ka m'kati kamayeza kupendekeka ndi kutentha n'kutumiza ku foni. Tilt imatumiza pa Bluetooth. RAPT Pill ya kampani ya KegLand ya ku Australia imatha kugwiritsa ntchito Wi-Fi komanso Bluetooth. iSpindel inayambira kwa ofulula kunyumba a ku Germany ndipo munthu angathe kuilumikiza yekha ngati amadziwa kuwotcherera timawaya, koma iyenera kuphunzitsidwa kaye poiika m'madzi a shuga a milingo yosiyanasiyana yoyezedwa ndi hydrometer.

Ubwino wake ndi woti simutsegula chivindikiro, simutunga kanthu, ndipo mumaona ulendo wonse wa mowa pa mzere wojambulidwa: pamene yisiti inadzuka, pamene inathamanga, pamene inayamba kufooka. Kwa wofulula lager, mowa wowira pozizira, zimenezi zimathandiza kwambiri, chifukwa amafuna kukweza kutentha pang'ono kutatsala mapointi ochepa kuti yisiti imalize kuyeretsa diacetyl, ndipo nthawi imeneyo n'njosavuta kuiphonya. Chimodzimodzi amene amathira hops, timaluwa topatsa mowa fungo ndi kuwawa, m'chidebe kuwira kukupita kumapeto.

Kuipa kwake kumachokera pa kuyandama komweko. Thovu lokhuthala la yisiti limauma pamutu pa chidacho, tizidutswa ta hops timamatirira, mpweya umachikankha uku ndi uku. Chilichonse chomata chimasintha kupendekeka, ndiye nambala yomaliza ingaphonye ndi mapointi angapo, nthawi zina ambiri. Chidebe chachitsulo kapena firiji zimafooketsa uthenga wopita ku foni. Batire likatha pakati pa ulendo mulibe chochita. Choncho muzizitenga ngati zokuuzani kumene mowa ukulowera ndi liwiro lake. Mzere ukagona osasunthanso, ndiye nthawi yotunga n'kuyeza ndi hydrometer. Amene amagula chida chotere poganiza kuti wathana ndi galasi amadzagwiritsidwa mwala.

Choyezera cha digito ndi sikelo

Ngati ndalama si vuto, pali chida chimodzi chimene chingalowedi m'malo mwa hydrometer. EasyDens ya kampani ya Anton Paar ya ku Graz, m'dziko la Austria, ili ndi kachubu kagalasi kopindika ngati chilembo U. Mumapoperamo mamililita awiri ndi jakisoni wopanda singano, kachubuko kamanjenjemera, ndipo liwiro la kunjenjemerako limasonyeza kulemera kwa madzi. Njira imeneyi ndi imene imagwiritsidwa ntchito m'malabotale a mafakitale a mowa. Popeza chimayeza kulemera kwenikweni, alcohol sachisokoneza monga achitira ndi refractometer, ndipo kutentha chimakonza chokha. Koma mowa uyenera kuchotsedwa mpweya ndi kusefedwa, chifukwa kathovu kamodzi m'kachubumo kaononga yankho, ndipo muyenera kutsuka mukangomaliza shuga asanaumiremo. Chimadaliranso foni. Mtengo wake ungagule ma hydrometer ambirimbiri, ndiye n'choyenera amene amafulula pafupipafupi kapena amene maso ake sakuonanso bwino timizere.

Ena amafunsa ngati sikelo yapakhitchini singathandize, poti gravity ndi kulemera basi. Pa masamu n'zoona: mamililita 100 a madzi a chimera a 1.050 amalemera magalamu pafupifupi 5 kuposa madzi wamba a muyezo womwewo. Vuto ndi lakuti gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu ndi pointi yathunthu, ndipo mukaphonya muyezo ndi mililita imodzi yokha mwaphonya mapointi 10. Pokhapokha mutakhala ndi botolo la mulabotale la khosi lowonda ndi sikelo yoyeza mpaka 0.01, isiyeni njira imeneyi.

Nanga kungosiya kuyeza?

Alipo ofulula odziwa amene sayeza, ndipo mowa wawo ndi wabwino. Amabwereza maphikidwe amodzimodzi, yisiti yomweyo, kutentha komweko, amadikira masabata atatu, ndipo ambiri a iwo amathira m'keg yachitsulo yokhala ndi potulukira mpweya ukachuluka. Kusadziwa ukali weniweni wa mowa si tchimo.

Koma kwa wothira m'mabotolo agalasi, apa sindinyengerera. Pointi iliyonse imene yisiti idzadye botolo litatsekedwa imawonjezera mpweya wokwana pafupifupi theka la kukula kwa mowa womwewo. Pothira m'mabotolo, mowa wamba umathiridwa shuga woti mpweya ufike kawiri ndi theka kukula kwa mowawo. Ndiye mukathira m'botolo kutatsala mapointi anayi kapena asanu, mpweya uwirikiza kawiri. Mukachita mwayi mowa udzangofwamphuka potsegula. Mukapanda mwayi botolo lidzaphulika, ndipo magalasi ake amavulaza anthu, maso makamaka.

Kuyang'ana thovu la pa airlock, kachipangizo ka pa chivindikiro kotulutsira mpweya kudzera m'madzi, sikungalowe m'malo mwa kuyeza. Chivindikiro chikakhala ndi kampata, mpweya umatulukira pamenepo ndipo airlock imakhala chete yisiti ili pa ntchito yaikulu. Mowa wotha kale nawo ungapitirize kutulutsa thovu masiku ambiri chifukwa chakuti chipinda chafunda kapena nyengo yasintha, mpweya wosungunuka n'kumathawa.

Palinso kusiyana pakati pa mowa umene watha ndi umene wangoima. Yisiti ikazizidwa kapena ikafooka imagona shuga akadalipo, nambala n'kukhala yosasuntha masiku atatu, kenako n'kudzadzuka m'botolo. Yisiti zambiri za mowa wamba zimatsitsa mapointi ndi magawo 70 mpaka 80 pa 100 alionse, choncho woyambira pa 1.050 n'kuima pa 1.022 ndi wokayikitsa. Njira yodziwira ndi iyi: tsiku lophika patulani madzi a chimera okwana kuyeza kamodzi m'botolo loyera, thiranimo yisiti yambiri kuposa yofunika, vindikirani mosathina, ikani pofunda ndipo muzigwedeza. M'masiku ochepa adzafika pamene yisitiyo singapitirirenso. Nambala imeneyo ndiye pothera penipeni pa mowa wanu, ndipo chidebe chachikulu chiyenera kufika pamenepo kapena pointi imodzi kapena ziwiri pamwamba pake. Pa kuyeza kumeneku mukufuna nambala yeniyeni, osati yoyerekeza, ndiye ntchito yabwereranso kwa hydrometer.

Ndiye mugule chiti?

Woyamba kumene, wofulula malita 20 ndi chimera chokamula kale, safunika china kuposa hydrometer wamba ndi choyezera kutentha. Ayeze kumayambiriro ngati afuna, kenako asiye chidebe masabata awiri osachigwira, n'kuyeza kawiri motalikitsa masiku awiri kapena atatu. Kutunga tsiku ndi tsiku sikufulumizitsa yisiti, kumangotha mowa ndi kulowetsa mpweya.

Amene wayamba kuviika chimera chake yekha agule refractometer, ndipo ngati pali ndalama zotsala awonjezere hydrometer ya kumapeto ija. Ziwirizi pamodzi ndi zimene ine ndingasankhe patsogolo pa chida chilichonse cha batire: madontho tsiku lophika ndi pakati pa kuwira, chubu chimodzi chokha musanathire m'mabotolo. Wofulula malita ochepa achite chimodzimodzi. Zoyandama zibwere pambuyo, kwa amene ali kale ndi njira yowongolera kutentha kwa chidebe, chifukwa kuona mzere pa foni popanda chimene mungasinthe phindu lake n'lochepa.

Mukakhala ndi zida ziwiri, tsiku lina zidzatsutsana, ndipo mudzafuna kudziwa wonama ndani. Yambani ndi madzi ochokera ku nthunzi, kapena madzi oyera akumwa ngati amenewo palibe, pa kutentha kolembedwa pa hydrometer. Iyenera kuonetsa 1.000, refractometer ionetse 0. Refractometer ili ndi kasikuluu kokonzera. Hydrometer ilibe, koma ikaonetsa 1.002 muzingochotsera mapointi awiri pa kuyeza kulikonse, ndipo mulembe zimenezo pa chikwama chake. Kapepala ka m'kati kamatha kutsetsereka pakapita nthawi, choncho bwerezani kuyesaku nthawi ndi nthawi, makamaka ikagwa koma osasweka.

Madzi okha sakwanira, chifukwa chida chingathe kunena zoona pa 1.000 n'kumanama pamwamba. Sungunulani magalamu 20 a shuga woyera mu magalamu 180 a madzi, zonse zoyezedwa pa sikelo. Madzi amenewo ndi 10 Brix ndendende, ndipo hydrometer iyenera kuonetsa 1.040. Pa kuyesa kumeneku musagawe ndi 1.04, popeza ndi shuga wa nzimbe amene refractometer inakonzedwera. Chida chikaphonya mofanana pa madzi ndi pa shuga, chisungeni n'kumachotsera kapena kuwonjezera. Chikaphonya mosiyana, monga kulondola pa madzi koma n'kuonetsa 1.036 pa shuga, timizere take tinalembedwa molakwika ndipo ndi bwino kugula china.